PAMPHALA: USIKU UTATU NDIKUSAKA MAWU A MALEMU

Kuno ku Fingoé dzuwa latiwamba ndipo maso onse ali kumwamba kudikira mvula yoyamba.

Mlungu uno nthabwala ndazisiya kunyumba. Ndabwera ndi manyazi anga kudzawayala pamphala, pakuti akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene zandigwera ine lero zikhoza kugwera inu mawa, choncho yalani mphasa mumve.

M'chaka cha 2022 ndinapita kumudzi wina wa mbali ya ku Malowera kukajambula mawu a agogo ena aamuna. Dzina lawo ndilisunga poti banja silinandipatse chilolezo. Agogowa anali m'gulu la anthu athu amene anathawa nkhondo n'kukakhala ku Ukwimi, kupitirira Petauke m'dziko la Zambia, ndipo anabwerera kumudzi mu 1994, mtendere umene unasainidwa pa 4 Okutobala 1992 utakhazikika. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi maola awiri. Anasimba m'mene anaolokera malire usiku, anatchula makolo awo mmodzimmodzi mpaka kukafika kwa amene anachokera ku Mano, likulu lakale la Undi, ndipo pomaliza anatenga kalimba wawo n'kuimba nyimbo ziwiri. Pa wailesi ndinaulutsa mphindi 15 zokha. Zotsalazo ndinati ndazisunga.

Mwezi wathawu agogo aja anatisiya. Patapita masiku awiri chiikireni maliro, mwana wawo wachisamba anatulukira ku wailesi atapalasa njinga kuyambira mbandakucha. Atakhala pansi ndi kumwa madzi anati:

"Achimwene, pepani ndakuvutitsani. Andituma amayi. Akuti mawu aja munajambula kwa bambo mutibwereke timve pa tsiku la m'meto. Makamaka paja ankanena za malo amene anaika mlongo wathu pothawa nkhondo. Ife tinali ana, ndipo amayi usiku umenewo anali atakomoka ndi malungo. Wodziwa malowo anali bambo okha."

Ine ndinayankha mwamatama kuti, "Musadandaule bambo, zonse zili mu kompyuta. Gonani kwa abale, mawa mudzatenge."

Nditatsegula laputopu madzulo ake, thukuta linayamba kutsika. Kachipangizo kathu kojambulira mawu kamatcha kokha dzina chilichonse chimene kajambula: REC001, REC002, choncho basi. Tikafufuta za m'kati kuti tijambule zina, kamayambiranso pa REC001. Tsiku ndi chaka panalibe anavutikapo kuzikonza, kotero kuti mafayilo onse ankaonetsa tsiku limodzi, ngati kuti ana onse a m'mudzi anabadwa Lolemba limodzi. Ndinapeza ma REC014 asanu ndi awiri. Woyamba anali kwaya ya amayi, wachiwiri mlangizi wa zaulimi akunena za mbozi za m'chimanga, wachitatu uthenga wa ng'ombe yosowa. Usiku utatu ndinakhala ndikumvera fayilo ndi fayilo, batire ya sola ikatha n'kudikira dzuwa. Mlendo wanga anabwerera chimanjamanja. Tsiku la m'meto linafika n'kudutsa, anthu anameta, nabalalika osamva mawu a malemu.

Ndinadzawapeza mlungu wachitatu, mu fulashi yakale imene inali m'dilowa pamodzi ndi makiyi a njinga, mu foda yolembedwa kuti Nova pasta (4), pakati pa chilengezo cha feteleza ndi mpira wa achinyamata. Mawuwo sanapse, sanabedwe, ngakhale chiswe sichinawakhudze. Nthawi yonseyo anali nane m'chipinda momwemo. Koma poti analibe dzina, kunali chimodzimodzi ndi kuwataya mu Zambezi.

Musandiseke msanga, awerengi, pakuti matendawa ali pafupifupi m'nyumba iliyonse. Kale tinali ndi makaseti. Kaseti ya mphindi 90 inkalowa nyimbo pafupifupi 20, ndipo m'kabokosi mwake munkakhala kapepala kolembapo maina. Ngakhale kapepalako katayike, unkadziwa kuti kaseti yofiira yosweka pakona ndi ya Paul Ngozi. Lero memore khadi yaing'ono ngati chikhadabo, ya 8 GB, imalowa nyimbo pafupifupi 2,000. Chifikireni mitengo ya mafoni m'midzi yathu, makamaka kampani ya Movitel itayamba ntchito mu 2012, aliyense ali ndi nkhokwe m'thumba mwake. Mnyamata wothira nyimbo pamsika amakudzazirani khadi ndi ndalama zochepa, koma mukafika kunyumba mupeza Track 01, Track 02, mpaka mazana. Bambo afuna nyimbo imodzi ya kalindula, adina batani mpaka chala kupweteka. Mayi anajambula lisiti ya thonje lawo kuti ikhale umboni, tsiku la mlandu aifuna pakati pa zithunzi za ukwati, za maliro ndi za moni wa m'mawa, osaipeza.

Nditachira ku manyazi aja ndinayamba kufufuza, poti safunsa anadya phula. Ndinapeza kuti kunja kuno kuli anthu amene ntchito yawo ya moyo wonse ndi yomweyi, yoganiza m'mene munthu wamba angapezere chinthu chake mu foni kapena mu kompyuta popanda kukhetsa thukuta. M'Chingerezi ntchitoyi amaitcha user experience, kunena zimene munthu amakumana nazo pogwiritsa ntchito chipangizo. Amene anatchukitsa dzinali ndi Don Norman wa ku America, atalowa ntchito ku kampani ya Apple mu 1993. Mkuluyu anali atalemba kale buku mu 1988 m'mene anadandaula za zitseko zimene munthu amakankha pamene zimafuna kukoka. Mfundo yake inali yakuti anthu ambiri akamalakwitsa pa chitseko chimodzi, wolakwa ndi mmisiri amene anachipanga. Mawu amenewa ndikuwapereka kwa amayi ndi agogo onse amene foni ikawavuta amati, "Ine ndine mbuli." Nthawi zambiri umbuli uli kwa amene anapanga foniyo osakuganizirani.

Tengani kachithunzi ka foda kamene mumakaona pagalasi la foni. Sikanagwe kumwamba. Kanayamba kuoneka pa kompyuta yotchedwa Star imene kampani ya Xerox inatulutsa mu 1981, ndipo mmodzi wa amisiri ake, David Canfield Smith, ndiye amadziwika kuti anayambitsa tizithunzi timeneti. Iwo ankagulitsa makinawo kwa anthu a m'maofesi, choncho anajambula zinthu za mu ofesi: tebulo, pepala, chikwama cha mapepala ndi kabati. Kalaliki wa ku California ataona anangomwetulira, poti zonse anali kuzidziwa kale. Nanga agogo a ku Chiputo amene chikwama cha mapepala anangochiona kamodzi pa ofesi ya boma? Iwo amadziwa nkhokwe, dengu, mtsuko ndi chikwatu. Amadziwa kuti mbewu siisakanizidwa ndi chimanga chakudya. Nzeru yosanja zinthu ali nayo yochuluka, kungoti chithunzicho ndi cha kwa eni.

Nyimbo nazo zili ndi mbiri yake. Mtundu wa fayilo umene timautcha MP3 unakonzedwa makamaka ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany, ndipo dzinali linasankhidwa mu 1995. Poyamba fayiloyo inalibe malo olembapo woimba. Mu 1996 munthu wina dzina lake Eric Kemp anaganiza zomata kachikalata kakang'ono kumchira kwa nyimbo iliyonse, kamene kamatchedwa ID3. Anasiya malo a zilembo 30 za dzina la nyimbo, 30 za woimba, 30 za chimbale, ndi manambala 4 a chaka. Wailesi ya m'galimoto kapena foni ikamaonetsa dzina la woimba nyimbo ikulira, ikuwerenga kachikalata kameneka. Ikalemba kuti Unknown artist, ndiye kuti malowo alipo koma wothira nyimboyo anachita ulesi. Kemp anaikanso mndandanda wa mitundu 80 ya nyimbo. Munali Blues, Jazz, Reggae, Gospel ngakhale Polka, koma chimtali, chitelele, kalindula ndi marrabenta munalibe. Mu 1998 ena anakonzanso kachikalatako kuti munthu azitha kulemba mawu ambiri, mtundu wa nyimbo umene afuna, ngakhale kumatapo chithunzi cha woimba. Tsono lero palibe chotiletsa kulemba chimtali ndi manja athu.

Koma munthu amene mbiri yake yandigwira mtima kwambiri ndi mayi wina wa ku India, Indrani Medhi. Iye anayamba ndi maphunziro ojambula mapulani a nyumba mu mzinda wa Nagpur, kenaka anapita ku Chicago kukaphunzira luso lokonza zinthu kuti zikomere ozigwiritsa ntchito. Chapakati pa zaka za m'ma 2000 analowa ntchito ku nthambi yofufuza ya kampani ya Microsoft mu mzinda wa Bangalore. Funso limene anadzipatsa linali ili: kodi munthu amene sanapite kusukulu angagwiritse ntchito kompyuta payekha, tsiku loyamba, popanda womugwira dzanja?

Yankho sanalifunire mu ofesi. Anapita m'makomboni osauka a mzindawo, nakhala pansi maola mazanamazana ndi amayi ogwira ntchito za m'nyumba za anthu, kudya nawo ndi kumva mavuto awo. Amayiwo ankafuna njira yodziwira kumene kuli ntchito ndi malipiro ake. Iye ndi anzake anawakonzera pologalamu yopanda zilembo, ya zithunzi ndi mawu okha, ndipo ankabwerera nayo kwa amayiwo kambirimbiri kuti aidzudzule. Zimene anaphunzira zinadabwitsa ophunzira anzake. Zithunzi zojambula pamanja zinkamveka msanga kuposa tizizindikiro ta akatswiri. Akajambula mbale zokha pofuna kunena ntchito yotsuka mbale, amayiwo ankaona ngati akunena malo ophikira, mpaka anaonjezerapo madzi akutuluka pa mpopi, pamenepo aliyense anamva. Anapezanso kuti ambiri osadziwa kuwerenga mawu manambala amawadziwa bwino, poti ndalama amawerenga tsiku ndi tsiku. Ndipo anaona kuti chithunzi chilichonse chiyenera kuyankhula m'chinenero cha mwini wake munthu akachiloza.

Kuchoka apo anafufuza za kutumiza ndalama pa foni ku India, ku Kenya, ku Philippines ndi ku South Africa. Poyesa ndi anthu osadziwa kuwerenga, pa njira ya zilembo zokhazokha panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafika kumapeto, koma pa njira ya zithunzi zoyankhula anatha kutumiza ndalamazo. Inu amene mumapereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa mwana wa eni kuti akutapireni ndalama za M-Pesa kapena e-Mola, mukudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Mu 2010 magazini ya MIT Technology Review inamuika m'gulu la akatswiri 35 osapitirira zaka 35 amene ntchito zawo zinaoneka zotsogola.

Ntchito yake ina ikukhudza nkhani yathu mwachindunji. Mu 2013 iye ndi anzake anaonetsa pologalamu yotchedwa VideoKheti. Mawu akuti kheti m'Chihindi ndi ulimi. Bungwe la Digital Green linali ndi mavidiyo ambiri a alimi akuphunzitsa alimi anzawo, koma mlimi payekha sakanatha kupeza imene akufuna. Pologalamuyi inkalola mlimi kutchula ndi pakamwa dzina la mbewu, kapena kukhudza chithunzi chake, mpaka kufika pa vidiyo yoyenera. Sanabise kuti sizinathe mavuto onse. Amene sanapiteko kusukulu ankavutikabe, makamaka zinthu zikasanjidwa m'magulu okhala m'kati mwa magulu ena. Kafukufuku wake wina anaonetsa kuti kwa anthu otere mndandanda umodzi woonekera wonse umaposa njira yolowa chitseko ndi chitseko. Ine nditawerenga zimenezi ndinakumbukira Nova pasta (4) yanga, imene inali m'kati mwa foda ina, imenenso inali m'kati mwa inzake, ngati khoswe wobisala m'nkhokwe ya m'nyumba ya m'phanga.

Mwina wina anena kuti, "Zimenezo ndi za ku India ndi ku America, ife tidikire kuti adzatikonzere." Ayi abale, tamvani za munthu amene analibe kompyuta ndi pang'ono pomwe. Hugh Tracey anayenda ndi galimoto yodzaza makina m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, kujambula nyimbo za makolo m'maiko ambiri, kuphatikizapo Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique wathu yemweyu. Mu 1954 anakhazikitsa nyumba yosungira nyimbozo yotchedwa International Library of African Music ku Roodepoort pafupi ndi Johannesburg, ndipo mu 1978 mwana wake Andrew anaisamutsira ku Rhodes University, mu mzinda umene lero ukutchedwa Makhanda. Anatulutsa zimbale 210 za mndandanda wa Sound of Africa, ndipo nyimbo za Chichewa zilimo. Tikhoza kudandaula, ndipo m'pomveka, kuti mawu a makolo athu anatengedwa m'nthawi ya atsamunda n'kukasungidwa kutali ndi eni ake. Koma chinthu chimodzi anachita bwino. Nyimbo iliyonse ankailembera khadi: woimba, malo, chinenero, choimbira ndi tanthauzo lake. Chifukwa cha makadi amenewo, patapita zaka zoposa 60 anthu a nyumbayo anatha kubwerera ku midzi ya Akipsigis ku Kenya kukapereka nyimbo kwa zidzukulu za oimba. Iye ndi pensulo anasunga za zaka 60. Ine ndi laputopu ndinasokoneza za dzana.

Tsono nazi zimene ndaphunzira, ndipo ndikuzipereka kwaulere.

Choyamba, ndipo ichi ndicho chachikulu: musanajambule mawu kapena vidiyo, yambani mwanena ndi pakamwa panu zinthu zinayi. Ndani akuyankhula, tili kuti, lero ndi liti, nkhani yake ndi yotani. "Lero ndi pa 12 Okutobala chaka chakuti, tili m'mudzi wakuti, akuyankhula ndi agogo akuti, akunena za malire a munda." Izi sizilira sukulu. Ngakhale dzina la fayilo litasokonezeka, womvera adzadziwa m'kamphindi kochepa chimene wagwira. Ndikanachita zimenezi mu 2022, sindikanamvera kwaya yonse ndi mlangizi yense kudikira kuti mwina agogo ayamba kutsogoloko.

Chachiwiri, konzani tsiku ndi chaka pa foni yanu, ndipo batire ikachotsedwa muonenso ngati sizinabwerere m'mbuyo. Foni imalemba tsikulo pa chithunzi chilichonse. Dziwaninso kuwerenga maina amene WhatsApp amapereka. Mukaona AUD-20240312-WA0005, AUD ndi mawu, 2024 ndi chaka, 03 ndi mwezi wa Malichi, 12 ndi tsiku. Zithunzi zimayamba ndi IMG, mavidiyo ndi VID. Koma chenjerani, tsikulo ndi limene chinthucho chinadutsa pa WhatsApp mu foni yanu. Chithunzi cha ukwati wa 2015 mukachilandira lero, chidzanyamula tsiku la lero.

Chachitatu, chinthu chofunika chipatseni dzina tsiku lomwelo. Ngati kulemba kumakuvutani, itanani mwana wa sukulu, inu muzinena iye azilemba. Muyambe ndi chaka, kenaka malo, kenaka munthu ndi nkhani, kuti zinthu zizindandalika zokha monga mwa zaka. Mawa ndi mawa linalepheretsa ambiri kufolera nyumba mpaka mvula inawapeza.

Chachinayi, mafoda akhale ochepa ndi oonekera, monga anapezera mayi Medhi. Anayi kapena asanu akwana: Banja, Munda ndi Malonda, Mapepala, Tchalitchi, Nyimbo. Musaike foda m'kati mwa foda m'kati mwa foda. Mayi wanzeru saika mchere mu mphika, mphikawo mu dengu, dengulo pa denga.

Chachisanu, chinthu chokhala malo amodzi okha chili pangozi. Memore khadi imafa osadwala, foni imagwera m'chitsime, imabedwa pamsika. Palinso makhadi achinyengo olembedwa 32 GB pamene m'kati mwake ndi mochepa, ndipo akadzaza amaononga zimene munaikamo inu osadziwa. Mawu a agogo, chithunzi cha chiphaso, lisiti ya fodya kapena thonje, zikhale pawiri: mu foni yanu ndi kwa mbale wokhala mudzi wina. Khadi ya zinthu za banja musaipereke kwa wothira nyimbo, pakuti ena amayamba ndi kufufuta zonse kuti malo apezeke. Gulani ina ya nyimbo. Muonjezerepo kope la sukulu lolembamo zimene zili mu khadi iliyonse. Kope silifuna kutchaja.

Chachisanu ndi chimodzi, pemphani chilolezo, ndipo chimene mwauzidwa kuti ndi cha banja lokha chilembeni choncho. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo chaka ndi chaka mu Ogasiti timaoloka kupita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, mafoni ali m'manja. Za pabwalo ndi za aliyense. Koma zilipo za kudambwe ndi za kutsimba zimene eni mwambo salola, ndipo zimenezo kusanja kwake kwabwino ndi kusazijambula n'komwe.

Kwa inu anyamata othira nyimbo m'misika ya m'malire muno, ndikudziwa kuti mumagwira ntchito mothamanga, jenereta ikudya mafuta. Komabe lembani maina a nyimbo ndi oimba kamodzi kokha mu kompyuta yanu, ndipo khadi iliyonse imene mudzathire idzatuluka ndi maina. Makasitomala adzadutsa mabenchi atatu kufuna inu. Woimba nayenso ndi munthu, anatuluka thukuta, asamangotchedwa Unknown artist ngati mwana wotola.

Kwa inu ana athu amene mukuphunzira za makompyuta mu mzinda wa Tete, ku Chipata kapena ku Lilongwe, ntchito ija ya mayi Medhi kuno sinagwiridwe. Pa tchuthi musamangotionetsa mafoni okwera mtengo. Khalani pamphasa ndi agogo anu, muwapatse foni, mutseke pakamwa, muone pamene chala chawo chikukakamira. Afunseni m'mene amasiyanitsira mbewu za nyemba zisanu ndi imodzi popanda kulemba, m'mene amakumbukirira chaka ponena kuti chaka cha njala, chaka cha dzombe, chaka chobwera ku Ukwimi. Mwina foni yotiyenera ife ndi yosanja zithunzi motero, yomva munthu akanena m'Chichewa kapena m'Chinsenga kuti, "Ndipatse mawu a malume a chaka cha chigumula." Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mutu wometedwawo amaudziwa bwino ndi mwini wake.

Ndimalize ndi kumene ndinayambira. Loweruka lapitali ndinakwera njinga yamoto kupita kumudzi kuja, nditatenga kasipika ndi makhadi awiri. Ndinafika ndi nkhope yogwa, ndinagwada kupepesa. Banja linasonkhana pansi pa mango womwe uja. Mawu a malemu atayamba kumveka, akutsokomola kaye monga ankachitira, amayi achikulire anafunda chitenje kumutu, ndipo panalibe woyankhula mpaka kalimba anatha. Malo aja anawatchula bwinobwino: dzina la kamtsinje, mlambe waukulu, ndi miyala iwiri kumadzulo kwake. Mwana wachisamba anandipempha kubwereza pamenepo katatu, mng'ono wake akulemba m'kope. Agwirizana kuti akakolola adzapita kukafuna malowo ndi kuikapo chizindikiro, ndipo mawu onse adzamvedwa ndi mudzi wonse pa tsiku la bona.

Ndikutsazika, amayi aja anandigwira dzanja nati, "Mwanawe, mwachedwa koma mwafika, zikomo. Koma ndifunseko. Inu mwavutika chonchi muli moyo, mukuwadziwa mawu a amuna anga. Nanga tsiku limene inu mudzapite, amene adzatsale pa wailesipo adzawadziwa bwanji?"

Ndinasowa choyankha, ndinangoti, "Amayi, ndamva."

Chibwerereni kumeneko, madzulo alionse ndikumakhala ola limodzi kutcha maina mafayilo akale ndi kuwalemba m'kope lachikuto cholimba. Ndapeza mawu a akuluakulu angapo amene ngakhale ine sindikuwakumbukiranso kuti ndi ndani. Mutu umodzi susenza denga, choncho kuyambira mwezi wa mawa, pa pologalamu yathu ya Loweruka madzulo, ndiziulutsa kachidutswa kakafupi ka mawu amodzi, osakhudza zinsinsi za banja. Mukazindikira kuti awa ndi agogo athu, awa ndi amalume, tumizani uthenga ku wailesi kapena kalata ku danga lino, ndipo ngati ndinu a banjalo bwerani ndi khadi yanu mudzatenge mawuwo kwaulere.

Kwa lero ndalekeza pomwepa. Amene mbewu sanasankhe asankhiretu, makasu akhale m'mipini. Tikumanenso pamphala pano mlungu wa mawa, Chauta akalola. Tsalani bwino nonse.